Khosi la Ulemu ndi Chitini cha a Mateyu

Lachiwiri m'mawa Ulemu anakana phala. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ameneyu sankadziwa kukana chakudya, choncho mayi ake, a Angelina, atamuona akukankhira mbale kumbali, anaika tsache pansi n'kumugwira pachipumi. Thupi linali moto.

"Amami, pakhosi pakupweteka," anatero Ulemu. "Ndikameza malovu zikukhala ngati ndikumeza minga."

Unali mwezi wa July, ndipo mvula ya ku Cape Town inali itagwa masiku atatu osapumira, mphepo ikuilowetsa paliponse pamene yapeza mpata. Banjali linkachita lendi kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ina ku Mfuleni. Chipinda chinali chimodzi, anthu anayi: a Mateyu, akazi awo a Angelina, Ulemu, ndi mng'ono wake Praise wa zaka ziwiri. Kuzizira kutangoyamba, a Mateyu anatseka ming'alu yonse ndi mapulasitiki ndi manyuzipepala, windo analikhomera msomali, ndipo pakati pa chipindacho hita ya parafini inkayaka tsiku lonse.

A Mateyu ankagwira ntchito yosamalira kapinga ndi maluwa ku Bellville. M'mawa umenewo anali atavala kale majombo. Anagwira mwanayo pakhosi ndi kuseri kwa dzanja, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene waiona kale nkhani yonse.

"Malungo awa, mayi a Ulemu. Nditsitsireni chitini chija."

Chitinicho chinali cha mabisiketi, chofiira, ndipo chinkakhala pamwamba pa wadirobu. Nthawi iliyonse achemwali awo a Mateyu akamatumiza katundu pa basi kuchokera ku Ntcheu, pakati pa ufa, usipa ndi nyemba ankabisapo kajumbo ka mankhwala: LA wa malungo, panado, ndi makapisozi amitundu iwiri amene ngakhale mayina ake anali atafufutika. Chitini chimenechi ndiye chinali chipatala cha a Mateyu. Masiku a mu pasipoti yawo anali atatha kalekale, ndipo ankaopa malo alionse amene munthu amakufunsa dzina ali ndi cholembera m'manja. Amalawi anzawo a mumsewumo ankawatchula kuti adokotala, ena mowaseka, ena mochokera pansi pa mtima, ndipo a Mateyu dzinalo linkawakomera.

Tisawaweruze msanga. Ife tonse amene tinakulira kumudzi tili ndi chizolowezi chimenechi m'magazi: thupi la mwana likangotentha, maganizo amathamangira ku udzudzu. Kwathu mantha amenewa apulumutsa ana ambiri. Koma tikawoloka malire timawanyamula pamodzi ndi zikwama, osafunsa ngati kumene tafikako udzudzu wake ndi womwewo.

"Bambo a Ulemu, osapita naye kukiliniki?" anafunsa a Angelina motsitsa mawu. "Akudandaula kwambiri pakhosi."

"Kukiliniki kukatani? Mukaime pamzere tsiku lonse kuti akupatseni panado yemwe ali m'chitinimu? Malungo ine ndimawadziwa. Ndawadwala kuposa zaka zanu."

Anathyola mapilitsi a LA, n'kumumwetsa mwanayo. Ulemu anameza misozi ili chuchuchu, chifukwa ngakhale madzi ankamupweteka.

Lachitatu anagona tsiku lonse. Lachinayi chimodzimodzi, ndipo a Angelina sanapite kumene ankachapa ndi kusita. Koma Lachisanu thupi linayamba kuzizira, ndipo Loweruka Ulemu anamwa tiyi ndi kagawo ka buledi. A Mateyu anayenda mumsewumo chifuwa chili patsogolo, ngakhale iwo eni mawu anali atayamba kusasa.

"Mwaona? LA sanama," ankauza aliyense.

Lamulungu masana, atatuluka ku tchalitchi, kunyumbako kunafika a Viness. Mayi ameneyu kwawo kunali ku Rumphi, ndipo asanabwere ku Cape Town anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kumidzi kwa zaka zambiri. Tsopano ankasamalira gogo wina wodwala ku Durbanville, kugona komweko, n'kumabwera ku Mfuleni kumapeto kwa sabata kokha. Ankaimba kwaya imodzi ndi a Angelina, ndipo ataona kuti mnzawo sanabwere ku tchalitchi, anati akazonde.

"Odi kuno! Achemwali, mwatithawa bwanji ku kwaya?"

"Lowani, a Viness. Ndi mwanayu, anatidwalitsa malungo sabata yonse. Koma panopa aliko bwino."

A Viness atangolowa anatsokomola ndi fungo la parafini. Anakhala pabedi pafupi ndi Ulemu.

"Malungo? Mwanayu anapita liti ku Malawi?"

"Sanapiteko chibadwire," anayankha a Angelina. "Anabadwira konkuno."

"Nanga alipo amene anamuyeza magazi?"

A Mateyu anaseka ndi mawu awo osasawo. "Achemwali, malungo amafuna kuyeza? Thupi linatentha, ndinamupatsa LA, wachira. Nkhani yatha."

A Viness sanaseke. Anapempha sipuni yoyera, anayatsa tochi ya pafoni, n'kuuza Ulemu kuti ayasamule kwambiri. Anapanikiza lilime ndi chogwirira cha sipuniyo ndipo anayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anamupapasa pansi pa nsagwada. Ulemu anadzidzimuka ndi ululu.

"Achemwali, bwerani muone nokha. Tinyama tiwiri ta m'mbali mwa khosi tatupa, tafiira, ndipo tili ndi timadontho toyera ta mafinya. Apa pansi pa nsagwada pali mwanabere. Kodi masiku onsewa amatsokomola? Mamina amatuluka?"

"Ayi. Wa mamina ndi chifuwa ndi Praise uyu, wayamba dzana."

A Viness anazimitsa tochi ija.

"Mwanayu apite kukiliniki mawa m'mamawa. Osati mkuja. Mawa."

"Aaa, a Viness, mwana wachira kale uyu," anatero a Mateyu. "Simukuona akudya? Mukufuna ndikadzipereke ndekha kwa anthu a mafunso chifukwa cha khosi limene lapola?"

"Silinapole, achimwene. Langokhala chete."

"Inu ntchito ya zaumoyo munaisiya ku Rumphi. Kuno ndinu wolera agogo, ngati mmene ine ndilili wotchetcha kapinga. Tisaopsezane."

Mawuwo anali olasa, ndipo a Angelina anagwetsa nkhope ndi manyazi. Kenako a Viness anatsegula chikwama chawo cha ku tchalitchi, natulutsa m'Baibulo chithunzi chakale, chopindika m'makona. Pachithunzipo panali mnyamata wowonda atavala yunifomu ya sukulu.

"Uyu ndi Suzgo, mwana wanga woyamba. Sindikonda kukamba za iye, koma lero ndikamba."

Anawaonetsa chithunzicho, n'kupitiriza.

"Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anadwala khosi ngati mmene wadwalira Ulemu. Nthawi imeneyo ndinali ndisanaphunzire za umoyo. Ndinamupatsa mankhwala a malungo amene anatsala m'nyumba. Patatha masiku anayi thupi linazizira, ndipo ndinanyada ngati mmene mukunyadira inumu. Sindinadziwe kuti khosi la mtundu umenewu limazizira lokha, ngakhale osamwa kanthu. Patapita masabata atatu anayamba kulira mawondo. Lero bondo ili, mawa chigongono, mkuja kakolo. Anthu anati nyamakazi, ena anati walodzedwa. Pamene tinkafika naye kuchipatala chachikulu, adokotala anati matendawo afika kale ku mtima."

Anapukuta chithunzicho ndi chala.

"Anakhala nane zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera pamenepo. Mwana amene ankathamanga mpaka kudimba sankathanso kudutsa bwalo la nyumba osapumira. Anzake akusewera mpira iye ankangokhala pakhonde kuwawerengera zigoli. Ndinamuika m'manda ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Adokotala anandiuza kuti jakisoni mmodzi, sabata yoyamba ija, akanatha kuletsa zonsezo. Jakisoni mmodzi, achimwene. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero."

A Angelina anali akulira mwakachetechete, atamukumbatira Ulemu. A Mateyu anayang'ana pansi, kenako pamwamba pa wadirobu pamene panali chitini chija.

"Pepani, achemwali," anatero. "Pakamwa panga pananditsogolera."

"Za pakamwa zisiyeni. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chiyambire kudwala, ndiye nthawi ikadalipo, koma si yambiri. Ndiwaimbira abwana anga kuti mawa ndifika masana, ndikuperekezani. Ndipo mutenge mapepala a mankhwala amene munamupatsa, anesi akaone."

"Ndikanene ndekha kuti ndinamupatsa LA?"

"Mukanene nokha. Manyazi anu ndi aang'ono kuposa mtima wa mwanayu."

Lolemba m'mawa a Mateyu anaima pakhomo kwa kanthawi, majombo a kuntchito ali m'manja. Galimoto ya kuntchito inkawatenga pamsewu waukulu, ndipo kukiliniki kunali mbali inayo. Mantha anali nawo ndithu, sitingabise. Koma anaika majombowo pansi, navala nsapato za ku tchalitchi, n'kunyamula chitini chonse m'jumbo.

Pakiliniki mzere unali wautali, anthu ambiri akutsokomola ndi kuyetsemula. Atafika pawindo, mlembi anawafunsa dzina la mwana, tsiku lobadwa, kumene akukhala, ndi kabuku kake ka kusikelo. A Angelina anapereka kabukuko. A Mateyu anadikira funso limene ankaliopa, thukuta likutuluka m'nyengo yozizira ngati imeneyo, koma mlembiyo anangowalozera benchi n'kuitana wotsatira.

Anesi amene anawalandira anali mayi wachikulire wovala magalasi, dzina lake a Tabitha. Ankalankhula Chingerezi, ndipo pamene a Angelina sanamve bwino, a Viness ankamasulira. Anayang'ana kukhosi kwa Ulemu, anapapasa mwanabere uja, n'kufunsa kuti wamwa chiyani. A Mateyu anatsegula chitini chija patebulo.

A Tabitha anatola pepala la LA, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mwanayu wapitako kudziko la malungo miyezi yapitayi?"

"Ayi, anesi. Sanatulukepo mu Cape Town."

"Ndiye malungowo wawatenga kuti? Kuno ku Cape Town anthu satenga malungo. Mukanandiuza kuti wangobwera kumene kuchokera kwanu, ndikanamuyeza magazi pompano, chifukwa malungo si matenda osewera nawo. Wina wa inu akadzabwera kuchokera kumudzi n'kutentha thupi, mudzathamange naye kuno ndipo mudzanene kuti anali paulendo. Koma ngakhale pamenepo, timayamba tayeza. Mankhwala awa m'thupi mwa mwanayu sanagwire ntchito iliyonse. Anangokutayitsani masiku."

Safunsa anadya phula, ndipo m'mawa umenewo phulalo a Mateyu ankalimva kukoma kwake.

Kenako a Tabitha anavala kachipangizo komvera kugunda kwa mtima, n'kukaika pachifuwa cha Ulemu. Anatseka maso. Anakasuntha pang'ono, namvetseranso. Anamuuza mwanayo kuti agonere kumanzere, namvetseranso kachitatu. A Viness anali atagwira m'mphepete mwa tebulo mwamphamvu, maso ali pankhope ya anesiwo, chifukwa anali ataonapo kale nkhope ya munthu amene wamva zoipa m'chifuwa cha mwana.

"Mtima ukugunda bwino," anatero a Tabitha potsiriza. "Sindikumva chachilendo. Mawondo sakupweteka? Zigongono? Chabwino. Mwabwera nthawi ikadalipo."

A Viness anasiya tebulo lija n'kukhala pansi.

Anesiwo anafunsa ngati Ulemu anatupapo kapena kutuluka zidzolo atalandira penisilini. Atamva kuti ayi, anamubaya jakisoni mmodzi pathako. Ulemu analira mokweza mpaka anthu a pabenchi panja anamva, ndipo mayi ake anaseka misozi ili m'maso, chifukwa sabata yonse mwanayo analibe mphamvu zolira chotero.

Kenako inafika nthawi ya Praise. A Tabitha anamuyang'ana kukhosi ndi m'makutu, anamvetsera m'mapapo, anawerenga kapumidwe kake.

"Uyu ndi chimfine wamba. Mum'patse madzi ambiri ndi chakudya, mum'tsuke mphuno ndi timadontho ta madzi a mchere, panado wa ana ngati thupi latentha. Pakatha sabata kapena masiku khumi chidzatha chokha."

"Osam'baya nayenso?" anafunsa a Mateyu. "Nyumba imodzi, matenda amodzi. Kapena ndim'patse makapisozi awa?"

"Nyumba imodzi, koma matenda si amodzi. Khalani pansi, bambo, ndikuonetseni."

Pakhoma panali chithunzi cha mutu ndi chifuwa cha munthu, chojambulidwa ngati wang'ambidwa pakati. A Tabitha analoza ndi cholembera.

"Mpweya umalowera m'mphuno, umadutsa kukhosi, umafika pakholingo pamene pamatuluka mawu, kenako n'kutsikira m'mapapo. Kuyambira m'mphuno kufika pakholingo ndiyo njira ya kumtunda ya mpweya. Matenda a njira imeneyi timawasiyanitsa poona malo amene agwira komanso kachilombo kamene kawayambitsa. Akagwira mphuno, munthu n'kumayetsemula, mamina chuchuchu, kachifuwa pang'ono, chimenecho ndi chimfine, ngati cha Praise. Pali china chachikulu, fuluwenza, chimene chimagwetsa munthu mwadzidzidzi: thupi kutentha kwambiri, mutu, kuphwanya thupi lonse. Chimenecho n'choopsa kwa makanda, okalamba, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi matenda ena kale."

A Angelina anafunsa kudzera mwa a Viness: "Chaka chatha chimfine chitandigwira, ndinkamva kupweteka m'masaya ndi pachipumi, makamaka ndikawerama pokolopa. Chinali chiyani?"

"M'mafupa a nkhope muli timphako tolumikizana ndi mphuno. Tikatupa n'kudzaza mamina, mumamva kulemera kumeneko. Nthawi zambiri kumatha kokha, koma kukapitirira masiku khumi, kapena kukayamba kuchepa kenako n'kubwereranso mwamphamvu, bwerani. Kwa ana chimfine chimathanso kukwera kukhutu, mwana n'kumalira akukoka khutu. Ndipo inu bambo, mawu anuwo akusasa chifukwa kholingo latupa. Mupumitse mawu, muzimwa madzi ofunda."

"Kupumitsa mawu ndiye mankhwala amene sanawamwepo chibadwire," anatero a Angelina, ndipo ngakhale a Mateyu anamwetulira.

A Tabitha anapitiriza: "Kwa ana aang'ono kholingo likatupa, amatsokomola mouma ngati kuuwa kwa galu, ndipo pokoka mpweya pamamveka kaphokoso. Mukamva zimenezo musadikire."

"Nanga zonsezi zimabwera ndi chiyani?" anafunsa a Mateyu. "Ine ndimati ndi mphepo yozizira ya kunoyi. N'chifukwa chake ndinatseka nyumba yonse."

"Zimabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tilipo ta magulu awiri. Gulu lalikulu ndi mavairasi. Amenewa ndiwo amayambitsa chimfine, fuluwenza, kusasa mawu, ngakhalenso zilonda za kukhosi zambiri. Mavairasi samva makapisozi anuwa, samvanso jakisoni amene ndabaya Ulemu. Thupi limalimbana nawo lokha. Mukam'patsa Praise makapisozi, chimfine sichichoka, mwina angotsegula m'mimba, ndipo tizilombo tina m'thupi mwake tizolowera mankhwalawo, tsiku limene adzawafunedi osagwiranso ntchito. Gulu lachiwiri ndi mabakiteriya. Amenewa ndiwo amamva mankhwala oterewa, koma akhale oyenera, pa mlingo woyenera. Khosi la Ulemu likuonetsa zizindikiro za bakiteriya: kupweteka kwadzidzidzi, kutentha thupi, mafinya, mwanabere, popanda chifuwa kapena mamina. Mtundu umenewu umakonda ana a msinkhu wa sukulu."

"Koma khosi ndi mtima zikugwirizana bwanji?" anafunsanso a Mateyu.

Anayankha ndi a Viness, mwa Chichewa, mawu ali pansi. "Asilikali a m'thupi akamalimbana ndi bakiteriya ameneyu nthawi yaitali, kwa ana ena amasokonezeka. Amayamba kumenya thupi lawo lomwe: molumikizana mafupa, ndi tizitseko ta mumtima. Mafupa amachira. Tizitseko tikawonongeka sitibwerera."

A Tabitha anapitiriza: "Kuzizira pakokha sikubala kachilombo. Chimene chimachitika m'nyengo ino n'chakuti anthu amaunjikana m'nyumba ndi m'matakisi mawindo ali otseka. Wina akayetsemula kapena kutsokomola, timalovu take timauluka, onse n'kupuma. Tizilombo timayendanso pamanja, pa makapu ndi masipuni obwerekana. Ndiye utsi wa parafini kapena wa fodya m'nyumba yotsekedwa umapsereza m'mphuno ndi kukhosi, tizilombo n'kupeza polowera posavuta. Komanso hita yoyaka m'chipinda chopanda polowera mpweya ikhoza kukomola banja lonse. Zulani msomali pawindopo."

Asanatuluke, anawauza zizindikiro zofunika kuthamanga nazo kuchipatala nthawi iliyonse: mwana akamapuma mofulumira kapena movutikira, nthiti zikamalowa mkati popuma, akamalephera kumeza ngakhale malovu, akamakana kumwa chilichonse, kapena akafooka mosadzutsika. "Pamenepo mwina matenda atsikira m'mapapo n'kukhala chibayo, kapena njira ya mpweya ikutsekeka. Ndipo Ulemu mum'yang'anire masabata akubwerawa. Akangodandaula mawondo, kapena kupuma mwawefuwefu, mubwere naye tsiku lomwelo. Ngati zonse zili bwino, ndidzamuone pakatha mwezi."

A Mateyu anaimirira, n'kukankhira chitini chija kwa anesiwo.

"Izi mutaye ndinu, anesi. Ine ndingazitaye molakwika."

A Tabitha anakhuthulira mankhwalawo m'bokosi la zotaya, n'kuwabwezera chitini chopanda kanthu.

Madzulo ake a Mateyu anazula msomali pawindo ndipo anachotsa mapulasitiki a pamwamba pa chitseko. Hita ankaiyatsa kwa kanthawi windo lili lotsekula pang'ono, pogona n'kuizimitsa, ana n'kuwafunditsa mabulangete awiri. Pakhomo anaika chigubu cha madzi ndi sopo. Aliyense anakhala ndi kapu yake. Anaimbiranso foni achemwali awo ku Ntcheu kuti usipa apitirize kutumiza, koma kajumbo kaja asiye.

Mwezi umenewo unali wautali kwa banjali. M'mawa uliwonse a Mateyu asanapite kuntchito ankagwada pafupi ndi Ulemu n'kumupinda mawondo ndi zigongono, kumufunsa ngati pakupweteka, mpaka mwanayo anatopa nazo. "Adadi, ndili bwinobwino, mundichedwetsa kusukulu!" Tsiku lina anabwera akutsimphina, ndipo a Angelina mtima unangoti phwii, koma linali bala la pabondo, anagwa pothamanga. Chimfine cha Praise chinatha chokha pa tsiku lachisanu ndi chinayi, popanda kapisozi ngakhale mmodzi. Mwezi utakwana, a Tabitha anamvetseranso mtima wa Ulemu ndipo anati zonse zili m'malo mwake.

Loweruka lotsatira dzuwa linawala koyamba patapita masabata ambiri. Ana a mumsewumo anatulutsa chingwe n'kuyamba kudumpha. A Viness anali atakhala pampando pakhomo pa a Angelina pamene panafika a Luka, Mmalawi wa ku Dedza amene ankagulitsa zipatso pafupi ndi renki ya matakisi ku Nyanga.

"Adokotala alipo? Mwana wanga wamwamuna watentha thupi kuyambira dzulo, akuti pakhosi. Ndimati mundigawireko LA."

A Mateyu analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini chofiira chija, n'kuchitsegula pamaso pa a Luka. Munali timabuku tiwiri ta kusikelo, singano ndi ulusi.

"Udokotala ndinausiya, achimwene. Unatsala pang'ono kundiphera mwana. Mverani: si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo si khosi lililonse limene lili chimfine. Matenda a m'mphuno ndi kukhosi alipo amitundumitundu. Ambiri amatha okha, safuna makapisozi. Koma lilipo khosi lina limene limaoneka ngati lapola, pamene likupita kukaononga mtima. Ine ndi inu sitingawasiyanitse ndi dzanja pachipumi. Mwana wa msinkhu wa sukulu akatentha thupi n'kumalephera kumeza, apite akamuone anesi, mankhwala a m'chitini ayi."

"Koma mapepala anga, a Mateyu..."

"Anga ndi anu n'chimodzimodzi, ndipo ndinapita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyeni tikamuone mwanayo. Ngati akumwa ndi kupuma bwino, Lolemba m'mamawa ndikuperekezani kukiliniki. Ngati ayi, tipita kuchipatala lero lomwe."

Amuna awiriwo ananyamuka. Pamsewu Ulemu anali pakati pa chingwe, anzake akumuwerengera mokweza. Anadutsa makumi asanu, anadutsa makumi asanu ndi atatu, n'kukakodwa atapitirira zana. Anathamangira kwa a Viness akuseka, thukuta lili kamukamu.

"Anti, mwaona? Ndawaposa onse!"

"Ndaona, mwanangu. Tabwera kuno."

A Viness anaika dzanja lawo pachifuwa cha mwanayo. Mtima unkagunda mofulumira, mwamphamvu, ngati mmene umagundira mtima wa mwana aliyense amene wathamanga. Anasiya dzanjalo pomwepo kwa nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta.

"Anti, mukulira chiyani?"

"Palibe, mwanangu. Ndimangomvetsera. Pita ukadumphenso."